Mayi Amene Anachira Asanafike

Andipatsa makaundula asanu ndi kompyuta imodzi,
akuti tipezere njira imene wodwala amayenda
kuchokera pageti mpaka pawindo la mankhwala,
tione pamene mzere umatsamwa.
Makinawa amajambula okha, akutero a Mtukula,
iwe ungowadyetsa zoona.

Zoona zake ndi izi.
Wotchi ya kulabu imathamanga ndi mphindi khumi ndi zinayi.
Ya pawindo inaima chaka chija matalala anaboola fodya,
mpaka lero kumeneko ikadali 3 koloko.
Usiku wa pa 6 magetsi atathima
anamwino analemba pa katoni ya magolovesi,
katoniyo alonda anakolezera mbaula.

Uyu amalemba kuti wafika, uyo walowa, winayo waonedwa.
Yelemiya wa kulabu amangochonga.
Kodi kufika n'kulowa?
Ndafunsa anthu anayi, mayankho abwera asanu ndi limodzi.
Nanga 03/04, ndi pa 3 Epulo kapena pa 4 Malichi?
Zimatengera amene anaphunzitsa mlembiyo.

Ndiye pali mayi uyu wa kwa Chulu.
Pageti ndi Felesiya Chikhosi,
kwa dokotala Felisia Chikosi,
kulabu angoti Nangozo.
Anthu atatu, malungo amodzi.
Ndawasoka pamodzi ndi tsiku lobadwa ndi dzina la mudzi,
makina n'kunena kuti analandira mankhwala 3 koloko,
anatengedwa magazi 3:20,
anafika pageti 4 koloko.
Wachira asanafike!
Mzere wake pasikirini ukubwerera chafutambuyo
ngati ng'ombe yokana goli.

Ndingathe kumufufuta. Batani limodzi lokha,
chithunzi chiyera, mabwana aomba m'manja.
Chala chafika pomwepo, chabwerera.
Mayiyu ndikumudziwa ngakhale sindinamuonepo:
ndimamudutsa m'mawa uliwonse pabenchi ya pakhonde,
buku lachipatala alikulunga m'jumbo ya shuga,
mwana akuyamwa ngodya ya chitenje.
Pabenchipo palibe kaundula.
Chimene a Mtukula akufunafuna chimakhala pamenepo,
pomwe palibe wogwira cholembera.

Kunja phiri la Kasungu layamba kuda,
akabaza akuitanira omaliza a kumsika.
Ndawonjezera ndime ina kumapeto,
mutu wake: sindikudziwa.
Yadzaza mizere mazana awiri ndi isanu ndi iwiri.

Mawa ndidzera kwa Chimwendo
ndikagule batire la wotchi ya pawindo.
Lisiti ndisunga, kaya adzandibwezera.