Ndiyankha Ndekha

Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala pakamwa pa Tjitske.
Adokotala akafunsa, mwagona bwanji mayi,
woyankha ndine: agona bwino.
Mlendo akafulula tiyi, ndine: osathira shuga.
Iye maso okha, kuphethira kamodzi eya, kawiri ayi,
ndipo masiku ena sindinkadikira n'komwe kuphethirako.

Sitiroko inamupeza Lachiwiri akutsuka njinga pakhonde,
siponji ili m'manja.
Inatenga miyendo, mikono, lilime,
mwini wake n'kumusiya m'katimo ali maso,
ngati munthu womutsekera m'nyumba yake yomwe
kiyi n'kuponya m'ngalande.

Ku Utrecht anatsegula chigaza mu Novembala.
Anayala pa ubongo kansalu kopyapyala,
kukula kwake ngati sitampa ya pa kalata,
kodzaza ndi timakutu tachitsulo
toti tizitchera pamene mawu amabadwira
asanatsikire kumilomo.
Dokotala Oosterhuis anajambula kuseri kwa envelopu.
Wathyoka ndi mlatho, anatero,
anthu akadali kutsidya, aima ndi katundu wawo.
Ine amene ndinakalambira pa mlatho wa ku Sneek,
kuukweza maboti adutse, kuutsitsa njinga ziwoloke,
sindinafunsenso.

Miyezi itatu, sitima ya m'mamawa, mvula yosakata.
Nilufar, mtsikana wa makompyuta wodya zikhadabo,
ankalumikiza chingwe kuseri kwa khutu
n'kuonetsa ziganizo pagalasi:
Zenera latseguka. Mphaka ali pampando.
Tjitske aziyesa kunena, milomo ili duu,
thukuta kamukamu pamphumi,
makina akuphunzira ngati mwana wogona m'kalasi.
Akafuna madzi ankalemba mazira.
Tsiku lina analemba mazira kasanu ndi kawiri
mpaka Nilufar anatuluka kukalirira kukhonde.

Kenaka anandipempha mawu ake akale.
Ndinafukula makatoni kudenga
n'kupeza kaseti ya ukwati wa mwana wathu:
mphindi khumi ndi imodzi zokha,
theka lake akukalipira wojambula zithunzi.
Zikwana, anatero Nilufar.

Febuluwale, chipale chosungunuka pa nsapato.
Oosterhuis anakoka mpando, nagwada pang'ono:
Mayi, lero mukumva bwanji?
Pakamwa panga panatseguka pokha, mwa chizolowezi:
Ali bwino, kungoti usiku...

Wiebe.

Linachokera m'kabokosi kakuda pambali pa bedi.
Liwu la pa ukwati lija, lopanda mpweya pakati,
koma lake.
Zilembo zikubwera chimodzichimodzi
ngati ana otuluka m'tchalitchi.

Khala chete.

Wotchi ya pakhoma ndinaimva koyamba.

Ndiyankha ndekha.

Nilufar anagwira pakamwa. Dokotala anayang'ana pansi,
mapewa akugwedezeka.
Ine ndinali nditakonzeka kumva zina,
zimene ndinkadziuza usiku ndikamutembenuza,
zoti zikomo, zoti ndimakukonda,
ndinali nditasunga ndi mpango womwe m'thumba.
Makina anaganiza nthawi yaitali, kenaka:

Tiyi ndimamwa wa shuga.
Masipuni awiri.
Wosamwa shuga ndi iwe.

Zaka zisanu ndi zinayi.
Ndawerengera pa sitima pobwerera:
makapu oposa zikwi zisanu ndi chimodzi.

Kabokosiko sikaloledwa kutuluka m'chipatala.
Akuti kafukufuku akadali wakhanda,
mwina chaka chamawa, mwina ayi,
ndipo mwa mawu anayi alionse amodzi amasochera.
Choncho Lolemba ndi Lachinayi mkazi wanga amalankhula,
masiku enawo nyumba ili zii monga kale.

Koma si monga kale.
Madzulo ano ndaika ketulo pamoto,
ndafunsa funso limodzi, laling'ono,
zoti nditseke katani kapena ayi,
ndipo ndakhala pansi, manja pamaondo,
lilime ndaluma,
ndikuyang'ana zikope zake
mpaka ketulo yalira, yalira,
ine osadzuka.