Chidindo cha Moyo

Lero ndaperekeza bambo ku tauni
kuti boma liwaone ndi maso kuti akupumabe.
Chiperoni chatsika ku Soche osaodira,
iwo avala jekete ija ya tsiku lotsanzikana,
pomwe anawapatsa wotchi ya pakhoma
atameza fumbi la choko ku Bangwe zaka makumi atatu ndi zinayi.

Mzere wakhota, wafika pa ogulitsa mayunitsi.
Patsogolo pathu mayi Namakhwa, kale namwino wa ku Gulupu,
akuwerenga mapilisi a shuga m'kathumba:
atsala asanu ndi anayi,
mwezi ukadali kutali.
Kumbuyo a Makwinja a kunjanji akuseka chikhakhali:
"Kale munthu ukapuma ntchito unkafa mwaulemu chaka chachitatu.
Ife takana kufa,
tawasokonezera masamu."

Ndaseka nawo. Koma m'chikwama mwanga
muli kapepala ka malipiro a mwezi uno,
pamene pali kamzere kondidula,
ati akundisungira za mawa.
Mawa lake liti,
poti ndalama yogula thumba la chimanga dzana
lero ikulephera ndowa?

Za bambo sindidandaula.
Anapereka kale, ndi mawu osasa aja
pamaso pa ana zana m'kalasi lopanda zitseko.
Koma Yotamu, wakabaza watitsitsa kuchokera ku Chimwankhunda,
alibe fayilo mu ofesi iliyonse.
Msonkho amaulipira pa sopo, pa petulo, pa mchere,
ndipo bondo likadzakana
penshoni yake ndi kamwana ka sitandade fili
kamene sikanauzidwe n'komwe.

Kalaliki wayang'ana chithunzi, wayang'ana nkhope,
wabwereranso pa chithunzi.
"A Chikopa ndinu?"
"Ndine zotsala zake," atero bambo.
Chidindo, pha!
Ali moyo mpaka chaka chamawa.

Panja agula nthochi ziwiri, yaikulu andipatsa ine.
"Nthawi yako ikadzakwana, udzatenge kampando," atero,
"mzerewu sufupika."

Ndawerenga anzanga a m'kalasi chamumtima:
asanu ndi awiri ali ku Joni,
ena akukuwa pa kaunjika ku Limbe,
odulidwa tatsala atatu.
Atatu, kusenza denga la anthu onsewa,
ndi lathu lomwe.

Bambo aponya khoko m'ngalande,
andigwira mkono powoloka msewu
ngati ine ndiye ndingagwe.