Mbali Yachiwiri, Nyimbo Yachitatu

Chimbalechi ndimachigwira m'mphepete
ngati mbale ya msuzi wotentha.
Singano ikatera, mumayamba kuthetheka
ngati mafuta m'chiwaya,
kenako chitseko cha kwa Mabry chimatseguka:
ndi Loweruka usiku mu Newark, chaka cha 1966,
chipale chofewa chikusungunuka pa zipewa
za amuna oweruka ku fakitale ya zikopa.

Cleophus Tarver wavula nsapato ya kumanzere.
Ankatero nthawi zonse.
Zopondera za limba, ati, zimafuna phazi lakumva.
Sokosi yake inali yobooka pachidendene.
Zimenezo chimbale sichinena, ndikunena ndine.

Limba lija linali lolemera kuposa bokosi la maliro,
amuna anayi ankalitsitsa pa masitepe akutukwana,
koma iye akalikhudza ndi chikhatho
linkabuula ngati dikoni wogwidwa ndi mzimu,
n'kumang'ung'udza pansipansi, cham'mimba,
mpaka matambula pa shelefu kuyamba kugundana mano.
Lamulungu m'mawa zala zomwezo zinkapita kutchalitchi,
nyimbo zake pafupifupi zomwezo,
kungochotsako utsi wa fodya.

Tsono tchera khutu, Dontrell, zimitsa foniyo.
Mbali yachiwiri, nyimbo yachitatu.
Wagitala wamaliza zake,
wang'oma akusesa chikopa ndi timaburashi,
Cleophus wagwira liwu limodzi,
waligwirabe,
sakulisiya,
chipinda chonse chaiwala kupuma,

phwaa!

Ndine ameneyo.
Matambula asanu ndi awiri, ndi thireyi yachitsulo.
Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi nsapato zobwereka.
Mkulu wojambula mawu anandiyang'ana
ngati ndamuphera mwana.
Koma tamva zimene limba likuchita:
nalonso likugwetsa matambula ake,
kuchokera pamwamba mpaka pansi, limodzilimodzi,
likundiseka, likunditola.
Wokuwa kuti "Musiyeni Verlene!" uyo ndi Otha,
agogo ako, tisanagwiranepo ngakhale dzanja.
Bambo Mabry anandidula malipiro a masiku awiri.

Iwe ukuti ilipo ina mufoni, yotsukidwa bwino,
yopanda kuthetheka,
yopanda chifuwa cha mlonda wa pakhomo,
yopanda mpando wokokedwa pasimenti.
Yotsukidwa! Ndiye atsukamo ndani?

Pamalo paja pano amaimikapo magalimoto.
Cleophus, shuga anayamba kumudya phazi lomwe lija.
Otha wakwanitsa zaka zisanu ndi zinayi ali chete
kuseri kwa tchalitchi cha ku Orange.
Pachikuto analembapo mayina atatu okha
pamene tinalimo anthu oposa makumi asanu ndi atatu,
ndipo tonse tidakali m'kanjira kopyapyala aka,
thukuta lathu, ngongole zathu, mabodza athu a Loweruka,
kuzungulira, kuzungulira
kulowera kubowo la pakati.

Bwezera singano m'mbuyo.
Pang'onopang'ono, mwana iwe, dzanja lako ndi laphuma.
Apo. Imika pomwepo.

Ndikufuna ndigwetsenso.