Manambala Asanu ndi Imodzi

Ku Lusaka kulibe nyanja.
Madzi athu amabwera m'zigubu pa wilibala,
kapena amasefukira ku Kanyama mu Febuluwale
n'kulowa m'nyumba osagogoda.
Koma bambo anga, a Lameki Chikuse,
amadzuka mbandakucha kuno ku Chilenje
n'kuima atatangadza miyendo,
ngati simenti ikuyendayenda pansi pawo.

Anali amagetsi. Kampani inawatumiza kugombe, kutali,
kukaika maloko a mabatani pa sitima yankhondo ya eni ake.
Zitseko khumi ndi zinayi, zachitsulo, zolemera ngati ng'ombe yakufa:
cha kuzipolopolo, cha kumawailesi, cha kuinjini,
ndi china chimene sanauzidwe n'komwe
kuti kuseri kwake kuli chiyani.
Msilikali ankaima kumbuyo kwawo ndi mfuti
iwo akusenda waya ndi mano.

Tili ana ankatiuza kuti loko wabwino sadziwa nkhope.
Ukalakwitsa katatu, ngakhale uli kaputeni,
kanyale kafiira, belu lilira, ugona panja.
Mchere ndiye mdani, umadya mabatani cham'kati.
Chala cha munthunso n'chosasunga pakamwa:
batani lotha utoto limaulula lokha kuti limakondedwa.
N'chifukwa chake nambala isinthidwe Lolemba lililonse.

Tsiku lomaliza anawauza kuti ayang'ane kukhoma,
mkulu wa asilikali n'kudina nambala yakeyake.
Zitseko zonse zimene anazipatsa mawu zinawakana.
Anatsika ndi kabokosi kawo ka zipangizo
akumwetulira. Ankati imeneyo ndiye inali lisiti.

Lero imvi zafika mpaka m'nsidze.
Dzina langa linawathawa chaka chatha, nthawi ya mango;
amanditcha mayi wa kuofesi.
Akafika pakhomo la chipinda chawo chomwe,
pamene pali chitenje chokha chopachika pa waya,
amaima, amakweza dzanja lamanja,
n'kudina khoma kasanu ndi kamodzi.
Amadikira.
Chitenje chimangowayang'ana.

Poyamba ndinkawakoka mkono. Ankalimba ngati mzati.
"Sichinayankhe," ankatero. "Musandifikitse kachitatu."
Mwana wanga Mwatitha ndiye anapeza mankhwala:
amabisala kuseri kwa chitenje n'kunena kuti "tiii,"
agogo ake n'kulowa, mapewa ali m'mwamba.

Ndayesa kuiba nambalayo, ndisaname.
Laimu wada pamalo anayi, mafuta a chala asiya timadontho:
pamwamba kumanzere, pakati, pansi, pambali,
ndipo awiri mwa iwo amadinidwa kawiri.
Ndayesa tsiku limene amayi anabadwa, limene anamwalira,
la ukwati wawo, nambala ya nyumba yakale ku Matero.
Ndinayesanso langa, mtima ukugunda.
Silinalowe.

Usiku wina magetsi atapita ndinangowafunsa,
tochi ya foni ili pakati pathu patebulo.
Anandiyeza kuyambira kumutu mpaka kumapazi
ngati mlonda wa pageti amene sanalandire kalata.
"Mayi, woyenera kuidziwa akuidziwa."

Adokotala akuti zitseko zina zizitsekekabe
chimodzi chimodzi, kuchokera m'kati,
ndipo palibe amene angandiuze kuti ndiyang'ane kukhoma
kuti ndisaone zikuchitika.
Ndakhala ndikuganiza za chitseko chija chopanda dzina.
Anachilumikiza bwino kuposa zonse, ankatero,
poti sankadziwa chimene akuteteza.

Lolemba lapitali Mwatitha anali kusukulu.
Bambo anaima pakhomo, minibasi zikulira hutala kumsewu,
zala zawo zikugwira ntchito pa laimu.
Ndinazungulira kubwalo, ndinalowera pawindo
ine mayi wa zaka makumi anayi, siketi ili m'manja,
n'kugwada kuseri kwa chitenje.
"Tiii," ndinatero, mawu akunjenjemera.

Anakhala chete pang'ono. Kenako analowa,
nandidutsa osandiona.
"Batire ikutha iyi," anatero.
"Wina akamuuze wamagetsi."