Mpata wa Muulutsi

Lamulungu lililonse ndimatsika basi
pa msika wa Tristán Narvaja,
pomwe Montevideo amayala pansi zomwe watopa nazo:
makiyi opanda zitseko, magalasi a anthu omwe anatsogola,
mbalame m'zikwere.
Ine ndimalunjika kwa Aparicio Lemos,
amene amandibisira katoni kunsi kwa tebulo
ngati muli katundu wakuba.

Si zimbale za oimba otchuka izi.
Zikuto zake n'zoyera, zopanda nkhope,
chidindo chofiira chokha: Za nyumba ya wailesi. Osagulitsa.
Ndiye ndimagula.

Kunyumba ndimazitsuka ndi madzi ofunda
ndi kansalu komwe Nelbia ankapukutira magalasi ake.
Singano ikatera, kumayamba kuthetheka
ngati mafuta m'chiwaya,
kenako malipenga, kenako azimayi atatu
akuimbira sopo amene anasiya kupangidwa
ine ndisanamere ndevu.
Masekondi makumi atatu, basi kwatha.
Yotsatira ndi ya nsapato za ana asukulu.
Ina ya mankhwala a chifuwa.
Dzina la woimba palibe ndi limodzi lomwe.
Analandira zawo madzulo omwewo,
nakagula buledi.

Koma chimene ndimasaka n'china.
Mkati mwa kanyimbo kalikonse oimba amati zii,
gitala yekha n'kumayenda monyang'ama, pansipansi,
masekondi khumi ndi awiri:
mpata wosiyira muulutsi
kuti atchule sitolo, msewu, ndi mtengo wake.
Pa chimbale mpatawo ulibe munthu.
Mpando anakonza, mlendo sanabwere.

Poyamba ndinkangomvetsera.
Tsiku lina ndinakonza pakhosi, n'kunena:
Urrutia ndi Ana Ake, msewu wa Yaguarón,
masuti osokedwa pamanja.
M'sitoloyo ndinasokamo zaka makumi atatu ndi chimodzi;
lero amagulitsamo mafoni.
Azimayi atatu aja anandilandira pa nthawi yake,
mokondwa, ngati ndanena zoona.

Pano ndili ndi zimbale mazana anayi ndi zisanu ndi ziwiri.
Mwana wanga Ximena akuti nyumba ikununkha makatoni onyowa.
Akuti, Bambo, mukusunga phokoso lomwe anthu ankalithawa
popita kukatereka ketulo.
Sakunama.
Amayi ake ankachepetsa wailesi malonda akangoyamba,
n'kumandiuza za tsiku lawo
mpaka nkhani zitabwerera.

Usiku wathawu ndinaika cha sopo chija.
Mpata utafika sindinatchule sitolo.
Ndinati: Nelbia, mpopi wa kubafa ukudonthabe,
mtengo wako wa mandimu wabereka,
Ximena wameta tsitsi, silikumukhala.
Ndinali nazo zambiri
koma masekondi khumi ndi awiri ndi omwewo.
Azimayi aja anandidula mawu,
nalonjeza kuti zovala zidzayera kuposa kale.

Ndinanyamula singano
n'kuibwezera poyambira.