Masikelo Awiri

Ndine mayi wa masikelo awiri.
Yoyamba imalendewera pa nthambi ya bulugamu
kumapeto kwa mzere wa tiyi.
A Mulipa, kapitawo wathu, amakolekapo dengu langa
n'kutchula makilo maso ali kwina.
Yachiwiri ili ku Mishoni, Lachitatu.
Ndimavula patapata, ndikwerapo,
singano igwedezeka, anamwino alemba m'kabuku:
mwezi wachisanu ndi chimodzi, zonse zili bwino.

Koma chinthu chimene chimandikhalira pachifuwa usiku
palibe sikelo inachigwirapo.

Chimabwera ngati chiperoni.
Sunganene kuti kwagwa mvula,
koma kukamacha bulangete lazizira ndi chinyezi
ndipo phiri lonse lasowa ngati silinakhalepo.
Chimandinong'oneza kuti chaka chatha
ndinapita padera mwezi ngati uno.
Chimandiwerengera lezala, ulusi, beseni, zitenje zinayi,
ine ndili ndi ziwiri.
Chimandikumbutsa bambo ake ali ku Joni
ndi foni yawo yongolira osayankhidwa.

Ndinauzako alamu anga tikuchapa ku Likhubula.
Anati, pakati ndi choncho, limba mtima.
Ndinalimba,
mpaka mtima unasanduka chinangwa chokana kupsa.

A Namaona, anamwino aja, ndiwo anaona.
Anaika cholembera pansi.
Eluby, kodi umagona?
Ndinayang'ana chithunzi cha udzudzu pakhoma,
misozi n'kuyankha yokha.
Anati tizicheza anthu akatha pamzere,
ndipo zikakula ndisadikire Lachitatu.
Kenaka funso lopanda mutu:
umakonda nyimbo zanji?
Ndinaseka.
Chiyambire Epulo ndinali ndisanamve kuseka kwanga.

Pa Chitakale, mnyamata wotchaja mafoni pakhonde la golosale
anandithirira nyimbo m'kamemore,
n'kundigulitsa tizingwe ta m'makutu.
Kakumanja kanafa tsiku lomwelo.
Kakumanzere ndiko kamayankhula.

Zambiri ndimangodumpha.
Yachisanu ndi chinayi ndi kwaya ya amayi, kaya a mpingo uti.
Wojambula anaima pafupi ndi zenera:
kunja mbuzi ikulira,
ndipo pakati pa ndime yachiwiri
mayi wina amatsokomola,
kawiri,
n'kubwerera m'nyimbo ngati palibe chachitika.

Chifuwa chimenecho ndimachidikira.
Mayiyo sindimudziwa,
kaya anagona usiku wake, kaya anasiya wodwala kunyumba,
koma anzake sanaime, sanamucheukire,
anangomusungira malo m'mawu awo
mpaka mpweya wake utabwerera.
Ndikafika pamenepo ndimapeza kuti nanenso ndapuma,
mapewa atsika,
zibakera zomwe sindinadziwe kuti ndafumbata zamasuka.

Iwe uli m'katimo suikonda kwaya.
Ndikaika kachingwe pamchombo umangoti zii.
Koma ikafika ya ng'oma za tchopa,
chidendene pa nthiti, gu! gu!
Mlomwe weniweni,
usanaone n'komwe dzuwa la ku Mulanje.
Ponda, mwanawe, ponda,
kuponda kwako ndiyo kalata yokhayo ndimalandira.

Sindinama, masiku ena batire limatha pakati pa usiku
chinthu chija chikadali maso.
Pamenepo ndimang'ung'udza ndekha mumdima,
mawu osasa, ndime zosokonekera,
pofika pachifuwa cha mayi uja
ndimatsokomolanso dala,
n'kupitiriza.

Kukacha, masamba awiri ndi kansonga,
masamba awiri ndi kansonga,
msana ukuwawa, foni ili m'chitenje, kachingwe pansi pa duku.
A Mulipa ati makilo achepa sabata ino.
Achepe.

Dzulo ku Mishoni nditatsika pa sikelo
a Namaona sanathamangire kulemba.
Nanga usiku ukulemera bwanji masiku ano?
Ndinaganiza kanthawi.
Ndinati, ngati dengu la masana, mayi.
Ndi lodzaza ndithu,
koma mame auma.