Kugogoda Thanthwe

Ku Oruro mphepo imalowa m'wodi osaodira,
ndipo chaka changa choyamba ndinali ngati iyo:
maso pa fayilo,
phazi limodzi litaloza kale kukhomo.

Bedi 14. Fortunato Huanca.
Zaka makumi atatu anazisiya pansi, mumgodi wa siliva,
n'kutulukamo ndi chifuwa cholira ngati chitseko chadzimbiri.
Ndinakweza chithunzi cha mapapo ake pa nyali
n'kumukhuthulira mawu onse a kusukulu,
aatali, oterera, a Chilatini,
ngati ndikuyankha mayeso.
Anagwedeza mutu katatu.
Pali funso? ndinatero, cholembera chili kale m'thumba.
Palibe, adokotala. Zikomo.

Ndili m'khonde ndinamumva akufunsa mwana wake m'Chikechuwa,
chinenero cha amayi anga
chimene ndinachivula ngati nsapato pa geti la yunivesite:
Kodi akuti ndifa,
kapena akuti ndizimwa mapiritsi?

Namwino Delfina Ayaviri sanandikalipire.
Anangokoka mpando wachitsulo wopindika mwendo
n'kuusiya pambali pa bediyo.
Uwu sudya ndalama za boma, anatero, n'kumapita.

M'mawa ndinakhalapo. Mawondo anga anachita manyazi.
Pamenepo m'pomwe ndinaona
kuti chala chake chamkombaphala chinaduka pakati,
kuti pansi pa pilo anabisapo wayilesi yaing'ono,
kuti maso ake sanali aumbuli, anali a mantha.

Bambo Huanca, inu mukuganiza kuti m'chifuwamu muli chiyani?
Ndinaluma lilime
kuti ndisamudule mawu.
Chete uja anatalika ngati msewu wa ku Potosí.
Galu anauwa kunja. Botolo la diripi linadontha kasanu ndi kawiri.

Kenako anati:
Mumgodi munthu sayamba n'kukumba.
Umagogoda thanthwe, n'kutchera khutu.
Likalira ngati belu, lowa.
Likalira ngati mtsuko wong'aluka, tuluka msanga.
Inu dzulo munakumba musanagogode.

Ndinayambiranso, ndi Chikechuwa changa chotsimphina.
Fumbi la mwala linamanga nyumba m'mapapo mwanu.
Kulichotsa sitingathe.
Koma kupuma tingakupeputsireni, ndipo ululu tingaugonjetse.
Ndinaima pamenepo. Sindinathawire m'fayilo.
Dzanja lake linali lozizira, lokhakhala ngati khungwa,
ndipo ndinapempha kaye ndisanaligwire.

Sanafunse za miyezi.
Anafunsa ngati adzakwere masitepe a kutchalitchi cha pamgodi
pa chikondwerero cha mu February,
poti mdzukulu wake Yolanda avina koyamba
ndipo diresi anagula kale, pangongole.

Sindikudziwa, ndinatero.
Mawu amenewa sanali m'buku lililonse limene ndinaloweza.
Anandiwawa pakhosi ngati fupa la nsomba,
koma iye anamwetulira,
ngati ndamupatsa ndalama yoyamba yosakhala yachinyengo.

Tandiuzeni zimene mwamva, ndinatero, mwina ndasokoneza.
Anabwereza zonse, bwino kuposa ine,
n'kuwonjezera kuti mwana wake asauzidwe m'khonde,
auzidwe pompano, iye akumva.

Mphindi khumi ndi ziwiri. Ndinaziwerenga pambuyo pake.
Odwala ena makumi anayi ankandidikira
ndipo palibe amene anafa chifukwa cha mphindi zimenezo.

Masitepe aja anakwera theka,
thanki ya mpweya itanyamulidwa ndi mkamwini wake.
Akuti anamuona Yolanda chakutali, chipewa chokha.
Akuti zinamukwanira.

Lero pa bedi 14 pagona mayi wogulitsa mbatata
amene sanandiyang'anebe kumaso.
Mpando uja ukadalipo, mwendo wake sunakonzedwe.
Ndaukoka. Walira pa simenti.
Ndaika fayilo pansi,
ndipo ndikugogoda.